Msuzi wa kampango

Ndinataya mkazi, dzina lake Tiyanjane. Ndinataya munthu wondiseka ndikayamba kuyankhula ngati ndili m'kalasi. Ndinataya ana amene tinkakangana za mayina awo asanabadwe. Ndinatayanso ulemu umene ndinali nawo pa abale anga.

Mwezi uno tikuvundukula chiliza chake. Alendo adzadya kwanga, ndiye mauthenga ayamba kufika pafoni. Apongozi anga a ku Dedza sanazolowere kondowole, nsima yathu ya chinangwa, afuna mpunga. Abusa sadya mbuzi. Koma uthenga umene wandikhazika pansi ndi wa mlongo wa bambo anga, amene kwathu timawatchula kuti Ankhazi. Akuti adokotala anawaletsa mchere ndi mafuta, choncho ndiwo zawo ziphikidwe pazokha.

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi, tikukhala ku Chikale. Bambo ankagwira ntchito padoko, ndipo tsiku lina sitima inabweretsa mnzawo wa kusukulu, a Kamanga, pamodzi ndi akazi awo. Kwathu mlendo safunsidwa pamaso pa anthu kuti adya chiyani. Amayi anayembekeza mpaka mayi Kamanga atapita kuseri kukasamba m'mapazi, n'kuwatsatira, n'kuwafunsa monong'ona. Yankho linali lalifupi. A Kamanga ankapemphera tsiku la Sabata, ndipo nsomba yopanda mamba sankadya.

Amayi anali atagula kale kampango wamkulu, wonona, wa mlendo weniweni. Sananyinyirike. Anamanga chitenje, n'kubwereranso kumsika dzuwa likuswa mtengo, n'kubwera ndi batala, nsomba ya mamba. Anatereka miphika iwiri, uliwonse ndi supuni yakeyake. Ine anandiika pamoto kuti ndizisonkhezera.

Ankhazi ankakhala nafe masiku amenewo. Anayang'ana miphikayo n'kutsonya.

"Matama basi," anatero. "Nsomba zonsezi sizisambira m'madzi amodzi?"

Amayi atalowa m'nyumba kukatenga mbale, Ankhazi anatunga msuzi wa kampango n'kuthira mumphika wa batala. Anatakasa bwinobwino, n'kunditsinzinira diso.

"Tione ngati afe."

A Kamanga anadya ndi mtima wonse. Ndimakumbukira zala zawo zikunyezimira mafuta, ndi mmene anapendekera mbale kuti msuzi usatsale. "Yewu ukongwa, ama," anatero pothokoza. "Msuzi wotere sindinaulawepo." Kuseri Ankhazi anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

Ndinawauza amayi ali ndi beseni la madzi osamba m'manja. Analiika pansi. Anapita pakhomo, anagwada, n'kuwauza a Kamanga zonse, osabisa kanthu. Munthu wamkulu uja anadzuka, anapita kuseri kwa nyumba, ndipo tonse tinamumva akudzisanzitsa pakati pa chinangwa. Atabwerako anakhala pampando maso ali pansi, ngati wolakwa ndi iye. M'mawa anasamukira kwa anthu a mpingo wawo.

Wokwapulidwa ndinali ine. Bambo anavula lamba, n'kundikokera kuchipinda.

"Za kukhitchini zimathera kukhitchini! Wachititsa manyazi mlongo wanga pamaso pa alendo!"

Kwa mlongo wawoyo sananene kanthu, ngakhale liwu limodzi. A Kamanga akutsika ndi chikwama chawo, Ankhazi anaima pakhonde n'kuloza ndi mlomo. "Wafa? Si uyo akuyenda?"

Amayi anandipaka mafuta m'mikwingwirima. Atamaliza ndi pamene anayankhula. "Wakudya salowa kukhitchini, mwanangu. Sadziwa zimene zili mumphika, amangokhulupirira iwe. Akati ichi sindidya, si ntchito yako kumuyesa."

Ine ndinasunga mawu a amayi, mpaka iwo anamwalira ndili ku koleji. Koma zimene ndazindikira tsopano n'zakuti tsiku limenelo aliyense pakhomo paja anaphunzira zake. Ankhazi anaphunzira kuti munthu wokana chakudya amanama, ndiponso kuti ukamuyesa palibe amene angakudzudzule. Anawaphunzitsa ndi bambo anga, ndi lamba uja. Mkwiyo wanga suli pa dzanja limene linathira msuzi lokha ayi. Uli pa onse amene anaona, n'kusankha kukwapula mwana.

Ndi omwewo lero akundiuza kuti zimene zinachitikira Tiyanjane ndi chifuniro cha Mulungu, ndipo za m'banja zisatuluke. Bambo anabwera okha kudzandipempha kuti pa mwambo wa chiliza ndingothokoza anthu basi.

Dzulo ndinapita kumsika. Ndinagula mpunga wa apongozi, nkhuku ya abusa, ndi kamphika katsopano ka Ankhazi. Nsomba yawo idzaphikidwa ndi tomato yekha, popanda mchere, popanda mafuta. Odzaphika ndi azing'ono ake a Tiyanjane, ndipo ndinaona nkhope zawo pamene ndinkawawerengera uthenga uja. Choncho kamphikako ndidzakalondera ndekha. Sikuti ndakhululuka. Sindinakhululuke, ndipo sindikudziwa ngati ndidzatero. Koma munthu amene adzadya m'nyumba mwanga sadzayesedwa, ngakhale akhale iwowo. Mbaleyo ndidzawapatsa ndi manja anga. Akadzandifunsa ngati mulibe mchere, ndidzawauza zoona. Kenako ndidzaimirira pamaso pa alendo onse, bambo ali pomwepo, n'kunena chimene chinapha mkazi wanga.

Thupi la Tiyanjane silinkagwirizana ndi mtedza chiyambire ubwana wake. Akangoulawa, kukhosi kunkatupa. Banja lonse linkadziwa. Ankhazi ndinawauza ndekha, maso ndi maso, kuti iyi si nkhani ya chipembedzo kapena ya kukonda ndi kusakonda, ndi nkhani ya mpweya. Anaseka. "Mwana wa ku Dedza osadya mtedza? Za ku koleji izi."

Pa Khirisimasi anatiitana kukadya masana. Anaphika nkhuku. Tiyanjane anasamba m'manja, anayang'ana msuzi, n'kufunsa mwaulemu wake uja ngati munalibe mtedza.

"Mulibe, mwanangu. Idya."

Munali supuni ya chiponde, yotakasidwa mpaka osaoneka. Anavomera okha pambuyo pake, akulira, kuti ankangofuna kutionetsa kuti palibe chimene chingachitike.

Tinapeza galimoto pamsewu wa kumsika. Inakwera chitunda cha kuchipatala pang'onopang'ono, mutu wa Tiyanjane uli pamiyendo yanga, milomo itayamba kuda. Mpweya unkatuluka ngati mluzu. Anandigwira malaya, n'kundikokera pafupi, ndipo ndinaganiza kuti akufuna kunditsanzika. Koma nkhope yake inali ya munthu wodabwa.

"Koma ndinafunsatu," anatero. "Munandimva. Ndinafunsa."