Thukuta la Zidole za a Kuwahara

A Noboru Kuwahara anagwira ntchito yodula mabawuti pa kafakitale kena ka kum'mawa kwa Osaka kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitadzaza mutu. Mowa sankamwa, fodya sankasuta, ndipo ku nyumba za juga sanapondeko. Amayi a pa mdadada wathu akafuna kudzudzula amuna awo ankatchula dzina lawo. Koma munthu sasowa pofookera. Iwo chawo chinali zidole.

Si zidole za makanda ayi. Zinali zidole za pulasitiki za ngwazi za m'makatuni a pa TV: asilikali a zisoti, maloboti, zilombo za minga kumsana. Malipiro akangotuluka, Loweruka lake ankakwera sitima kupita ku Nipponbashi komwe kuli masitolo a zinthuzi, n'kubwerako atakumbatira bokosi ngati mwana. Lamulo lawo linali lomwe aliyense wosunga zidole amalidziwa, loti bokosi silitsegulidwa. Chidole chomwe tepi yake ya kufakitale sinamatulidwe chimakwera mtengo zaka zikamapita, pomwe chotsegulidwa n'choseweretsa wamba. Iwo anawonjezapo nzeru zawo. Bokosi lililonse ankalikulunga ndi pepala la pulasitiki lija timavindikirira chakudya, kuti fumbi ngakhale mpweya zisalowe, n'kukaliika m'chipinda chamkati, zenera ndi makatani zili chitsekere.

Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri ndi khitchini, pa nsanjika yachitatu. Chipinda chamkaticho chinali cha mwana wawo mmodzi yekhayo, Chizuru. Mabokosi anayambira m'kabati yosungiramo zogonera, kenako anasefukira m'mbali mwa makoma, mpaka mtsikanayo ankayala matiresi ake pakatikati, zilombo zikumusuzumira pa timawindo ta mabokosi. Tsiku lina, atangoyamba kumene sukulu, anakanda tepi ya bokosi lina ndi chikhadabo. Ankafuna kungokhudza chisoti cha msilikali wofiira yemwe anali m'katimo. Bambo ake anamumenya padzanja. Sanamumenyeponso tsiku lina lililonse.

"Izi si zoseweretsa," anatero. "Ndi tsogolo lako limeneli. Ukadzakula udzandithokoza."

Akazi awo, a Sumie, anayankhira kukhitchini akutsuka mpunga. "Tsogolo lake mwalitsekera m'katoni. Nanga mwini wakeyo azipumira kuti?"

A Sumie anamwalira Chizuru asanamalize sekondale. Chizuru anadzakwatiwa ku Nagoya, ndipo a Noboru anatsala okha ndi mabokosi awo. Atapuma pa ntchito anasiya kugula, koma m'mawa uliwonse, akayatsa lubani pa kakabati kakang'ono komwe pali chithunzi cha malemu, ankasuzumira m'chipinda chamkati n'kutsekanso chitseko. Zinkawakwanira kudziwa kuti zilipo.

Chaka chatha, mvula ya mu Juni itayamba, banja la Chizuru linatha. Anabwera kwa bambo ake ndi chikwama chimodzi komanso mwana wa miyezi khumi, dzina lake Kanta, yemwe anabadwa ndi chifuwa chovuta. A Noboru anali atakolopa m'khitchini ndi kuwotcha nsomba. Anamunyamula mdzukulu wawo mwamantha, manja atauma, monga ankanyamulira mabokosi aja.

Chizuru atakankha chitseko cha chipinda chake chakale anabwerera m'mbuyo.

"Ababa, fungo ili ndi lachiyani?"

"Fungo liti?"

"Simukulimva? Ngati nsapato za pulasitiki zomwe zaviikidwa m'mafuta ovunda."

Iwo ananunkhiza. Sanamve kanthu. Mphuno zawo zinali zitalizolowera kalekale.

Poti kunalibe kwina, Chizuru anayala pakati pa mabokosi monga kale. Pa tsiku lachitatu kupuma kwa mwana kunayamba kumveka ngati kamluzu, ndipo mkaka ankangoulavula. Chizuru anathamangira naye kuchipatala. Atabwerako anakhala pansi, mwana ali pamiyendo, n'kuyankhula osakweza mawu.

"Adokotala akuti sanganene kuti ndi pulasitiki. Mwina ndi nkhungu, mwina fumbi. Koma akuti mwana wa chifuwa chotere asagone m'chipinda chotsekeka cha fungo. Ndipo likudutsa pachitseko, ababa, likufika mpaka kuno komwe mumagona inu."

"Tizitsegula zenera."

"Zenera lili kuseri kwa mabokosi." Anamupukuta mwana pakamwa. "Amayi aang'ono a ku Tottori akuti ndipite kwawo, chipinda chilipo. Ndikapita ndikafuna ntchito komweko, ndipo mukudziwa kuti sindidzabwereranso msanga. Ine ndimafuna Kanta akulire pafupi ndi agogo ake. Ndikhala kwa mnzanga mpaka kutha kwa mwezi. Chipinda chikadzakhala chili chomwecho, ndidzakwera basi."

Chodabwitsa n'chakuti a Noboru sanakwiye. Nkhope yawo inawala. Kwa iwo, tsiku lomwe ankasungira zinthu zija linali litafika. Anati agulitsa zonse, apeze nyumba ya zipinda zitatu ya dzuwa lokwanira, ndipo Chizuru adzaona kuti kumenyedwa kuja sikunapite pachabe. Chizuru anangomangirira mwana pachifuwa n'kutsika masitepe.

A Noboru anaitana a Ebisawa, eni sitolo ina ya ku Nipponbashi omwe anawagulitsa zambiri mwa zidolezo. Anabwera ndi galimoto yonyamulira katundu, thaulo lili m'khosi, akupuma wefuwefu.

"Madala, zaka zonsezi simunasamukire pansi? Mukufuna mundiphe ndisanakulipireni?"

"Mimbayo ndi yomwe ikuphe. Lowa uone chuma."

A Ebisawa atalowa m'chipindamo nthabwala zinatha. Anatenga bokosi limodzi, anasenda pepala lokulungira lija, n'kupita nalo pakhomo pomwe panali kuwala. Kawindo ka bokosi kanali ndi nthunzi mkati, ngati galasi la kubafa. Chidole chinkanyezimira. Utoto wa m'maso mwake unali utatsetserekera m'masaya. Anatenga lachiwiri, lachitatu. Loboti ina inali itapindika mawondo n'kutsamira kawindo, phewa litamatirira pomwepo.

"Madala, izi zatuluka thukuta."

"Sizinatsegulidwepo. Ona tepi."

"Vuto lake ndi lomwelo. Pulasitiki yofewayi amaisakaniza ndi mafuta ena kuti izipindika. Mafutawo amatuluka pang'onopang'ono. Chidole chikakhala pa shelefu, mphepo imawachotsa. Chikakhala m'bokosi amabwerera pathupi pake. Ndiye inu mwakulunganso ndi pepala, m'chipinda chosatsegula zenera, ndi kutentha kwa Osaka kuno. Mwaziphika, madala."

"Bwanji sunandiuze?"

"Nthawi imeneyo ndani ankadziwa? Nanenso zanga zinaonongeka kunkhokwe. Za ana omwe ankaziponya m'bafa n'zomwe zili zouma bwinobwino lero."

"Sizingatsukidwe?"

"Zina zimatsukika ndi sopo. Koma kuti mutsuke, mutsegule. Mukatsegula, mtengo uja wapita. Ndipo utoto wosungunuka subwerera."

A Ebisawa anasankha mabokosi ochepa a pulasitiki yolimba omwe anagulidwa zaka zakumapeto. Ndalama yake inangokwanira kugula mphasa zatsopano za chipinda chimodzi. Potsika anaima pamasitepe, naweramitsa mutu n'kupita.

A Noboru anakhala masiku angapo osakhudza kanthu. Ankadya mpunga wozizira ataimirira. Mwezi unkapita. Akanatha kuitana anthu otaya katundu kuti adzakokolole zonse tsiku limodzi, koma mtima sunalole. Chinthu chokhala ndi nkhope sichitayidwa ngati minga ya nsomba. Ngakhale ana amadziwa kuti chidole chomwe chakhala nanu m'nyumba zaka zambiri chimaperekezedwa kukachisi, ansembe amachipempherera, kenako amachiwotcha.

Choncho ananyamula mabokosi awiri pa njinga kupita ku kachisi wa kuseri kwa msika. Wansembe, mkulu wa msinkhu wawo womwewo, anawalandira pakhonde n'kusuzumira pa kawindo ka bokosi.

"Zilipo zingati, bambo?"

"Chipinda chodzaza."

"Pepani. Za nsalu, za mtengo ndi za pepala timalandira. Za pulasitiki tinasiya kuwotcha. Utsi wake ndi woipa, ndipo kuseri kwa mpandawu kuli sukulu ya mkaka."

"Ndiye ndizitani? Wogula wazikana, inunso mwazikana."

"Ziperekezeni nokha kunyumba. Chilichonse muchipukute kumaso ndi nsalu yoyera, muchiwaze mchere pang'ono, muchikulunge m'pepala loyera, muchithokoze. Mukatero mukhoza kuchiika m'thumba la zinyalala, koma lakelake, losasakaniza ndi za kukhitchini."

"M'bokosi momwemo?"

"Mungapukute bwanji nkhope ili m'bokosi?"

Pobwerera anadzera m'sitolo n'kugula mchere, mapepala oyera ndi magolovesi. Anakhala pansi pakhomo la chipinda chamkati, kampeni kali m'manja. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anadula tepi. Bokosi litatseguka, fungo linawamenya kumaso, ndipo apa ndiye analimva.

Ntchitoyo inali yochedwa. Zidole zinkamatirira ku magolovesi, nsalu inkada ndi utoto. Chilichonse ankachiuza kuti, "Zikomo, wakhala nafe," ndipo mawuwo ankatuluka mouma ngati a munthu wogulitsa matikiti. Atachotsa mzere wa kuzenera, kuwala kunalowa m'chipindamo koyamba m'zaka zambiri. Kuseri kwa mabokosi khoma linali ndi mawanga akuda a nkhungu.

Kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe, Chizuru anabwera masana, tikiti ya basi ili kale m'chikwama. Mwana anamugoneka kukhitchini pafupi ndi khomo lakunja. Anapeza bambo ake atazunguliridwa ndi timitolo toyera, maso ali ofiira.

"A Ebisawa anandiimbira," anatero. "Mwadya?"

"Ndadya."

"Bodza. Mpunga wauma mumphika."

A Noboru anatenga bokosi lomwe analiika padera. Pa ngodya ya tepi yake panali pokandika pang'ono, pa chikhadabo cha mwana. Analitsegula, natulutsa msilikali wofiira uja. Chisoti chake chinali chitasanduka chabulauni.

"Khudza," anatero.

Chizuru anachiyang'ana nthawi yaitali. "Mwachedwa nazo, ababa."

"Ndikudziwa."

Anachikhudzabe ndi chala chimodzi. Chalacho chinamatirira, ndipo pochichotsa panatsala chidindo chake pachisoti. Sanaseke, sanalire. Anapita kukasamba m'manja ndi sopo kawiri, chifukwa manja omwewo anali oti anyamulire mwana. Atabwerako anagwada pambali pa bambo ake n'kuyamba kuwadulira mapepala.

"Mchere mukuthira wambiri," anatero. "Si nsomba izi."

Anamaliza tsiku lotsatira. Matumba anawatsitsa m'mawa wa tsiku lotaya zinyalala, a Noboru akukwera ndi kutsika mpaka mawondo anakana, ndipo amayi a pa nsanjika yachiwiri anawathandiza osafunsa kanthu. Galimoto yotola zinyalala itafika, a Noboru sanafune kuonerera. Khoma analikwecha ndi mankhwala, mphasa zatsopano zinabwera, zenera linakhala chitsegukire.

Chizuru anaima pakati pa chipinda chopanda kanthucho, natseka maso, nakoka mpweya.

"Likadalipo," anatero. "Lachepa, koma lalowa m'matabwa a kabati ndi m'khoma."

A Noboru analowa m'chipinda chawo chakumaso, momwe anagona zaka zonse pafupi ndi chithunzi cha akazi awo, napinda matiresi awo, nawakokera m'chipinda chamkati.

"Ine mphuno zanga zinafa kale. Iwe ndi mwana mugone uko kuli chithunzi cha amayi ako. Mipata ya chitseko ndimata ndi tepi, ntchito imeneyo ndiye ndimaitha."

"Inunso muli ndi mapapo, ababa."

"Anga agwira kale ntchito yawo."

Chizuru anatulutsa tikiti ija, naiyang'ana, naibwezera m'chikwama. "Ndikasinthitsa tsiku, sindikubweza. Tiyesa mwezi umodzi. Kamluzu kaja kakangoyambiranso, tikupita ku Tottori, ndipo musadzandiletse."

"Sindidzakuletsa."

Mpaka pano akadali pa mdadada wathu, koma tikitiyo Chizuru amangoisinthitsa mwezi ndi mwezi, sanaitaye. Nyumba ya zipinda zitatu a Noboru saitchulanso. Anayamba kutsokomola m'mawa, ndipo amati ndi ukalamba. Masana Chizuru akapita kuntchito ku sitolo ya zakudya, iwo amamugoneka Kanta m'chipinda chakumaso, n'kukakhala pansi m'chipinda chopanda kanthu chija, khutu atatsamiritsa pa chitseko chomata tepi, kumvetsera ngati mwana akupuma bwino.