Diso la Galimoto ya Anthoula

Alamu anga a Lambros Ziogas ndi mmisiri wa malata, ndipo ndineneretu kuti ndi munthu wolota dzuwa likuswa mtengo. Ine ndimagulitsa khofi pabwalo la mudzi wathu kuno ku mapiri a Epiro, ku Ulaya, ndipo zaka zonsezi sindinawaonepo akumwa khofi wotentha. Ndikawaikira kapu, maso awo amapita kuphiri, khofi n'kuzizira, mpaka ndichite kuwagwedeza paphewa. Anakwatira msuweni wanga Evdokia, amene anatisiya kalekale, choncho ndili ndi ufulu wowanena mmene ndingafunire.

Ali mnyamata ankapanga ndowa, mbaula ndi zitini za mkaka. Pulasitiki itabwera ndowa zawo zinasowa wogula, n'kuwatsalira ntchito imodzi, yopanga tinyumba ta nyali ta m'mbali mwa msewu. Munthu akafa pa ngozi ya galimoto, abale ake amaimika pamalopo kanyumba ka malata, mtanda pamwamba, kachitseko kagalasi, mkati chithunzi cha woyera mtima, nyali ndi botolo la mafuta a azitona. Wopulumuka nayenso amaimika kake kothokoza, koma oterewa ndi ochepa. Msewu wathu wotsikira kutauni ndi wokhotakhota, uku thanthwe uku phompho, ndiye a Lambros sanagonepo ndi njala.

Anali ndi kachitidwe kawokawo. Sankadula lata asanakaime pamalo pangozipo n'kufunsa kuti malemuyo ankalowera kuti. Akauzidwa, kachitseko ankakalozetsa komweko. M'mutu mwawo anthu amenewa sanafe, akadali paulendo, nkhungu yangowachedwetsa. M'mawa wa nkhungu, pamene chigwa chonse chimadzaza mbuu ndipo nsonga za mapiri zimaoneka ngati zikuyandama, ankakhala pakhomo panga n'kumawawerengera njira. Amati wa lole ya matabwa uja panopa wawoloka mlatho, mphunzitsi uja akuyandikira kasupe, akwati aja aima kuti athyole maluwa. Ankanena motsitsa, akumwetulira, ngati akukamba za anansi amene apita kumsika. Ine zinkandikwiyitsa, koma nthawi zina ndinkapezeka kuti nanenso ndatchera khutu kumsewu.

Mwana ali naye mmodzi, Anthoula. Ndi namwino woyendera nkhalamba m'midzi ya m'mapirimu, ndipo msewu umenewu amautsika ndi kuukwera tsiku lililonse. Chimene bambo ake ankaopa tonse tinkachidziwa, ngakhale iwo sanachitchulepo: kuti tsiku lina adzadula lata la mwana wawo. Anthoula akachedwa kubwera, nyundo inkaleka kulira m'shopu mwawo, ndipo ine kuno ndinkadziwa nthawi popanda kuyang'ana wotchi.

Galimoto yake yakale itatheratu, Anthoula anagula yatsopano, yotuwa, yopanda phokoso. Anaiimika pabwalo, amuna onse n'kuizungulira manja ali kumbuyo. Charilaos, makaniko wa kumunsi kwa mlatho, ndiye anali mlaliki wa tsikulo.

"Iyi ikaona chinthu kutsogolo, inu muli kalikiliki kusinza, imaponda yokha mabuleki," anatero. "Ndi lamulo tsopano, ku Ulaya konse. Galimoto yatsopano iliyonse izikhala ndi zimenezi."

"Imaima yokha?" anafunsa a Lambros.

"Yokha, madala. Ili ndi maso kuposa anuwo."

"Ndiye ntchito yatha, alamu," ndinatero ine. "Bwerani muzinditsukira makapu."

"Ithe," anayankha. "Ndidzatsuka makapu ako, ngakhale khofi wako ndi matope."

Kenako maso aja anapita kuphiri, n'kuyamba kutiuza za msewu umene ankauona m'maganizo mwawo. Panalibe kanyumba katsopano ngakhale kamodzi. Takale tinali titachita dzimbiri, udzu utamera m'miyendo mwake, anamzeze atamanga zisa mkati. Ana odutsa ankafunsa makolo awo kuti tinyumba timeneti tinali ta chiyani, makolowo osadziwa choyankha.

Koma bambo ndi bambo. Kwa masiku angapo nyundo yaing'ono inkalira m'shopu, kalilidwe kofewa kamene sindinakamvepo. Anatenga lata lopyapyala, lalikulu ngati chikhatho, n'kusindikizapo Khristofa Woyera, woteteza apaulendo, akuwoloka mtsinje mwana ali paphewa. Mwanayo anali ndi makutu otambalala a Anthoula, ndipo aliyense woona ankaseka kenako n'kupukuta m'maso. Pa chikondwerero cha woyerayo mwezi wa Meyi, wansembe anadalitsa latalo pamodzi ndi magalimoto a m'mudzi.

A Lambros atafika kunyumba anazungulira galimoto kufunafuna pomangirira. Kutsogolo, m'munsi mwa nambala, anapeza kamalo kakuda, kosalala, konyezimira, kofanana ndendende ndi lata lawo. Anati opanga galimotowo ndi anthu oopa Mulungu, malowo anawasiya dala. Anamangirira ndi timabawuti tating'ono, mwaluso, osakanda penti. Anthoula ataona anawapsompsona pamphumi, ndipo mudzi wonse unabwera kudzayamikira.

Kuyambira tsiku lotsatira kanyali kachikasu kanayamba kuyaka patsogolo pa chiwongolero, galimoto n'kumalira kamodzi ikangolizidwa. Anthoula sanazitengere kumtima. Galimoto imeneyi inkadandaula chilichonse, akathamanga pang'ono yalira, akayandikira mzere yalira, ndipo iye anaitcha apongozi. Anati adzapita kwa Charilaos akadzapeza mpata, koma namwino wa nkhalamba za midzi yonseyi mpata angaupeze kuti. Bambo ake anati galimotoyo ikungopereka moni kwa woyera.

M'mawa wina mvula itagwa, nkhungu inatsika mpaka m'msewu. Lole ya mitengo inali itaima kuseri kwa kona chifukwa cha mbuzi. Anthoula anaiona ili pafupi kale. Galimoto sinalire, sinaime. Anaponda yekha mabuleki n'kukhotetsera kuthanthwe, chitseko chonse cha mbali imeneyo n'kukhadzulika, iye n'kutuluka ndi bala pachipumi ndi dzanja lotupa. Akanakhotetsera mbali inayo bwenzi ndikulemba nkhani ina.

Mudzi unati woyera wagwira ntchito. A Lambros sindinawaonepo okondwa chotero. Anayamba kanyumba kothokoza, kokhala ndi denga lozungulira ngati la tchalitchi chathu, ndipo ankaimba akugwira ntchito, iwo amene mawu awo amathamangitsa amphaka. Ankati adzakapaka utoto wa buluu, ndipo kachitseko kadzaloza kumudzi. Masiku amenewo ankayenda ngati sakuponda pansi, ndipo ine ndinasangalala nawo, sindibisa.

Galimoto itakonzedwa chitseko, Anthoula anapita kukaitenga, ine n'kumuperekeza. Tinapeza Charilaos atanjuta kutsogolo kwake, nkhope itagwa.

"Ndani waphimba diso?" anafunsa.

"Diso lake liti?" anatero Anthoula.

"Ili, kuseri kwa woyera wanuyu. Limaona kudutsa nkhungu, koma lata siliboola. Galimotoyi yakhala ikukuuza tsiku lililonse kuti yachita khungu."

"Ndiye ikanaima?"

"Sindilumbira, mwana wanga. Koma ikanakuwa lole ija usanaione, ndipo mwina ikanaima." Anatenga sipanala. "Ndichotse msanga, tidzati linagwa lokha m'msewu."

"Lisiyeni, a Charilaos," anatero Anthoula. "Mukachotsa inu, mawa bambo apanga lina lokongola kuposa ili. Ndibwerekeni sipanalayo."

Tinauyamba ulendo wokwera kumudzi. Ine ndinali ndi mawu ambiri, ena okalipa. Ndinkawamvera chisoni alamu anga, komanso ndinkafuna kuwamenya ndi ketulo.

Tinawapeza pakhomo pa shopu, burashi ya utoto ili m'manja. Anthoula anatsika, n'kuwagwira dzanja ngati mmene amagwirira odwala ake, n'kuwafikitsa kutsogolo kwa galimoto. Anawafotokozera pang'onopang'ono, osawonjezera, osachotsera.

"Koma woyera anakupulumutsa," anatero a Lambros.

"Mwina anandipulumutsadi, bambo. Koma waima patsogolo pa diso, ndipo ndi wamkulu thupi."

Anafuna kuseka, koma sizinatheke. Anayang'ana lata lija, anayang'ana bala la pachipumi pa mwana wawo, kenako manja awo. Utoto unkadontha pa nsapato zawo iwo osaona.

"Ndiye ndine," anatero motsitsa.

"Simunadziwe. Palibe anadziwa, ngakhale ine wophunzira ndinakupsompsonani pothokoza. Chotsani, ndiliika mkati, pambali panga."

Anagwada, mawondo akulira. Sipanala inkawaterereka pa timabawuti, iwo amene anapinda malata moyo wawo wonse. Ndinafuna kuwathandiza, Anthoula anandiletsa ndi maso. Litachoka, anampatsa mwana wawo osaliyang'ananso, ndipo iye analiika m'thumba la yunifolomu yake.

Tinkayembekeza kuti adzuka, koma anakhalabe chogwada. Anauzira mpweya pakamalo kakuda kaja n'kupukuta ndi mkono wa malaya, mofatsa, ngati akupukuta nkhope ya khanda. Kenako anayamba kuyankhula nako.

"Tamvera, iwe," anatero. "Ndiwe mlendo kuno, ndikuuze. Ukangotuluka m'mudzi, kona yoyamba imanyenga, imaoneka yotambasuka koma imatseka. Pamlatho m'mawa pamaterera ngakhale dzuwa litatuluka. Ukapitirira kasupe pamakhala mbuzi, mwini wake ndi wogontha, usadalire hutala. Pamtengo wopsa ndi mphezi paja malole amadya mbali yako. Pamenepo ndinaimikapo tambiri, uziyang'anitsitsa."

Anapitiriza, kona ndi kona, kutsika nawo msewu wonse kuchokera pamtima, mawu awo akunka nachepa mpaka ine sindinkamvanso. Anthoula anali atalowa kale m'galimoto n'kuliza injini. Kanyali kachikasu kaja sikanayake. Kutsidya kwa chigwa kunali gogo wina amene ankadikira jakisoni, ndipo nthawi inali itapita, koma Anthoula anaika manja pamiyendo, misozi ikutsika, n'kudikira kuti mawu a bambo ake afike kutauni.