Lamba Wotuwa wa pa Chitseko cha Mkwatibwi

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga. Mpaka ndevu kuchita imvi, ine ndinkakhulupirira kuti mtundu wotuwa ndi umodzi basi pa dziko lonse. Aphunzitsi anatiuza kuti ukasakaniza choyera ndi chakuda umapeza chotuwa, ndiye poti sukulu ndinaisiyira panjira, sindinamve kuti nkhaniyo inali ndi mchira.

Mchirawo inandionetsa ndi galimoto yanga. Ndi kagalimoto kakale, kopirira ngati bulu, ndipo m'mbali mwa zitseko zake muli malamba a pulasitiki otuwa. Tsiku lina wa kabaza anandikhula ndi njinga yamoto ku Kawale, lamba wa chitseko chakumbuyo, mbali ya kumanzere, n'kuthothoka. Ndinakapeza wina ku Biwi, kwa ogulitsa ziwalo za magalimoto akufa. Kukula kwake kunali ndendende, koma mtundu ngati tiyi wamkaka. Ndinamuphatika choncho. Galimoto imayenda ndi injini, siyenda ndi lamba.

Kenaka mwana wathu womaliza anapeza banja. Mtsikana ameneyu ndinamulonjeza akadali ndi yunifolomu kuti tsiku la ukwati wake wonyamula mkwatibwi ndidzakhala ine, m'galimoto yangayi. Zokonzekera zitafika pachimake, anaizungulira manja ali m'chiuno, n'kuima pa chitseko chija, chomwe ndi cholowera mkwatibwi. Anandiuza mwaulemu kuti amalume a mkwati ali ndi chigalimoto choyera, ndipo anena kale kuti chilipo.

"Adadi, ine sindingajambulidwe ndikutsika m'nkhanga," anatero. "Lambayu akafanana ndi anzake, ndikwera yanu."

Magazi anandithamanga ngati mnyamata. Kuti mwana wanga anyamulidwe ndi amalume a eni ake, ine ndili moyo, laisensi ili m'thumba?

Ndinatenga penti woyera wotsala popenta khonde, ndi wakuda wa zitsulo za m'mawindo, n'kutakasa m'kachitini ndi kamtengo monga anatiphunzitsira aphunzitsi aja. Popaka ndinkaimba mluzu. Dzuwa litamuwomba, pentiyo anachita matuza, n'kuyamba kufundula ngati njoka. Akazi anga, amene ankasankha mpunga wa ukwati pakhonde, anandifunsa ngati galimotonso imadwala chikuku.

Mnzanga wina wapabawo ndiye anandilozera kwa mmisiri wosakaniza penti wa magalimoto, ku Biwi komweko. Anati munthuyo safuna kumva dzina la mtundu, umangomupititsira kachidutswa ka galimoto yako, iye n'kufananitsa ndi maso. Apa m'pamene nzeru zinandichulukira. Ndinati ndivutikirenji kuzula lamba wabwinobwino panja, pamene m'buti muli kachivindikiro ka pulasitiki yemweyo? Ndinakazula, n'kutenganso lamba wodwala uja, ulendo wa minibasi kuchokera kwathu ku Area 23, poti mafuta a m'galimoto ndinkasungira tsiku lalikulu.

Mmisiriyo ndi wamsinkhu wanga, wadazi, zala zake zili ndi mitundu yonse ya magalimoto a mu Lilongwe. Anapala penti wanga wa khonde uja akupukusa mutu, n'kundifunsa ngati ndinali ndi mlandu ndi lambayo. Kenaka anasakaniza, anapopera, ndipo zitauma lamba ndi kachivindikiro zinali ngati mapasa. Ndinabwerera nditafukata lambayo ngati khanda, kondakitala atafuna kumuika pansi pa mpando tinatsala pang'ono kumenyana.

Kufika kunyumba, kumuphatika pa chitseko, kubwerera m'mbuyo kuti ndisirire. Lamba wanga anali bii ngati mtambo wa mvula, anzake ali mbuu ngati phulusa la mbaula.

M'mawa mwake ndinaotcha mafuta a ukwati aja, kupita nayo galimoto yonse ku Biwi kukakalipa. Mmisiri anatuluka kukaiona galimotoyo. Anaizungulira, anasuzumira m'buti, kenaka anandifunsa mmene ndimaimikira kunyumba. Ndinamuuza kuti mbali ya kumanja imatsamira khoma la nyumba, ya kumanzere imayang'ana kolowera dzuwa, chigulireni. Anaseka mpaka kukhala pa tayala.

"Madala, munandibweretsera mwana wobindikira m'nyumba kuti ndimufananitse ndi oweta ng'ombe. Galimoto yanuyi ili ndi kutuwa kutatu: kwa m'buti, kwa kukhoma, ndi kwa kudzuwa. Mukufuna kutiko?"

Ndinayang'anitsitsa, ndipo zinali zoona. Zaka zonsezi dzuwa linkandipentera mbali imodzi mwaulere, ine osadziwa.

Ntchito inayambika pabwalo, poti iye anati penti ukamuweruzira mumthunzi amanama, akakhala wamadzi amanamanso. Anadontheza woyera, kutakasa, kupaka pa kachitsulo, kudikira kuti aume, kuyandikiza pa lamba wa chitseko chakutsogolo. Ayi. Anadonthezanso. Anthu anayamba kuunjikana. Owotcherera zitsulo anasiya moto wawo, aliyense ndi maganizo ake, wina akuti wapitirira, wina akuti sanafike. Ine ndinali uku ndi uku, kugwada, kudzuka, kutsinzina diso limodzi ngati wosaka mbalame. Mayi wina wogulitsa nthochi anatula dengu lake n'kunena kuti amuna tonsefe ndife akhungu, lamba wakaleyo ali ndi kachikasu, kaja kamabwera ndi fumbi la mwezi wa Okutobala. Mmisiri anaviika nsonga ya waya m'penti wachikasu, kadontho kochepa ngati diso la nyerere, n'kutakasa.

Titayandikiza kachitsulo kaja pa lamba, kanasowa. Ndikunena zoona, malire sanaoneke. Ndinavina pamenepo, pakati pa matayala ndi oyilo, mawondo anga oguga aja ataiwala zaka zawo, ndipo nthochi za mayi aja ndinagulira bwalo lonse.

Mmisiri atapopera lamba wanga ndi penti ameneyu n'kumuphatika, madzulo ndinaitana mwana wanga kuti aloze lamba wachilendo. Anawerama, anayenda chammbali, anakanda ndi chala, n'kuloza wa kutsogolo, amene anabadwa ndi galimotoyo. Nditamuuza kuti waphonya, anaseka n'kutumiza uthenga kwa amalume aja kuti chigalimoto chawo chinyamule ankhoswe.

Tsiku la ukwati ndinadzuka ndi tambala. Poona kuti galimoto yabwerera ku unyamata, ndinati mwini wake asatsalire, ndiye ndinapaka dayi wakuda m'mutu monse. Ndevu ndinaziiwala. Ndikutuluka, ndinapeza amayi okongoletsa atakulunga galimoto ndi nsalu yoyera, maliboni ndi mabaluni, lamba wanga atakwiririka yense. Ndinakweza nsaluyo pang'ono kuti mpingo uone, koma mayi wina anandimenya dzanja. Komabe mwana wanga anakwera, ine pachiwongolero, hutala kulira kuchokera ku Area 23 mpaka ku holo ya ku Kawale, nthungululu m'njira monse.

Usiku umenewo tikuona zithunzi pa foni, ndinadandaula kuti lamba wanga sakuoneka paliponse. Akazi anga anakulitsa chithunzi china ndi zala, n'kundiyandikizira kumaso.

"Lamba musiyeni, abambo ake, anafanana. Lolemba mutengere mutu ndi ndevuzi ku Biwi, ndipo ulendo uno mupite nazo zonse pamodzi."