Mgolo Umene Ndinagubuduza Kuphiri

Ndine ndinagubuduza mgolo uja. Anzanga awiri anangondithandiza kuukweza kuphiri, koma nzeru yothiramo miyala inali yanga, ndipo mpaka lero ndimati inali nzeru yakupsa.

Tinali Fomu 2, pasekondale yoyendera ya m'tsinde mwa phiri, mvula ili pakati. Masana a tsikulo kunali mayeso a masamu, ine m'mutu mulibe kanthu. Kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti napolo, madzi aja otsika phiri ndi miyala, amayamba ndi mkokomo. Ndiye ndinaukankha mgolowo n'kukuwa, "Napolooo!"

Mayo ine! Aphunzitsi a masamu anatulukira pawindo, choko chili m'manja. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Koma m'kalasi mwathu munali mtsikana wina amene napolo weniweni anamutengera mayi ake ali wamng'ono. Iye sanathawe. Anamupeza kunsi kwa desiki atadzikodzera, ndipo anyamata anamuseka. Sanabwerenso kusukulu, chonsecho chinali chaka cha mayeso a boma.

Kupatula anzanga awiri aja, palibe anadziwa kuti ndine. Sabata zitatu nkhaniyo inanditsamwa. Kenako ndinapita kwawo kwa mtsikanayo, n'kumupeza akupalira nandolo m'munda mwa amalume ake.

"Ndine ndinachita zija," ndinatero. "Pepa. Bwerera kusukulu, ndikawauza asiye kukuseka."

Sanaweramuke n'komwe. "Wabwera kuti iweyo mtima ukupepuke eti? Amalume anena kale kuti khasu likundikhala bwino kuposa cholembera. Choka, ukundipondera mbewu."

Ndinayang'ana pansi. Ndinalidi nditaponda.

Pobwerera ndinaona kuti chisoni changacho sichinkathandiza munthu, chinkangondidya ndekha. Ndinati basi, ndikaulule, ndilandire changa. Mwina ahedi akamva, akapita okha kukalankhula ndi amalume aja.

Ahedi anandimvetsera akusenda nthochi.

"Ukudziwa kuti mgolo uja unali wotungira madzi oumbira njerwa za sukulu? Wabooka!"

"Nanga mtsikana uja, sala?"

"Atsikana amasiya sukulu tsiku ndi tsiku, iwe. Ine ndikunena za mgolo."

Mpomwe ndinalekera kusenza mlandu wonse ndekha. Wanga ndinauvomera, ndipo chiyambire pomwepo ndisanachite zachibwana ndimayamba ndaona amene ali pafupi. Koma wa amalume, wa anyamata oseka aja, wa ahedi ndi nthochi yawo, ndinawasiyira eni ake. Mtsikanayo mayeso sanalembe. Chaka chisanathe anamukwatitsa ku Jenala.

Chilango changa chinali kuzula chitsa cha bulugamu kuseri kwa zimbudzi, sabata yathunthu osalowa m'kalasi. Anzanga akutuluka thukuta ndi masamu, ine ndinali panja ndi khasu, kuimba mluzu, mango m'thumba. Nthaka inali yofewa ndi mvula, moti tsiku lachitatu chitsa chinagwa. Ndinapita kuofesi kukafunsa ngati kuli china. Ahedi anandithamangitsa ndi dasitala.