Kiyi wa Che Bwanali

Che Bwanali akandibwerera m'maganizo, choyamba kufika ndi fungo: utsi wa parafini wa koloboyi woyaka masana dzuwa likuswa mtengo, wosakanikirana ndi mafuta a makina osokera ndi dzimbiri la maloko akale amene ankawayala pathumba, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu ku Katuli. Kenako limabwera phokoso la tupa, lija lopita mbali imodzi, kwee, n'kupuma, kwee, n'kupuma, pamene nkhuku zikutakataka m'mayani ndipo amayi akusinja patali.

Anafika m'zaka za nkhondo ya ku Mozambiki, pamodzi ndi anthu ambiri amene ankadumpha malire atasenza mitolo. Ena anapita kumisasa ya othawa nkhondo, koma Che Bwanali bambo anga anawapatsa kamalo kuseri kwathu, poti ankalankhula Chiyao ngati ife. Anafika okha. Za akazi awo tinangomva kuti anatsala panjira, ndipo palibe anafunsa zambiri. Ana tinkawatchula kuti ambuje. Ankakonza maloko, mawotchi ndi mawailesi, ndipo asanatsegule chinthu ankayamba achitembenuza m'manja nthawi yaitali, kuchigwedeza pafupi ndi khutu, n'kufunsa mwini wake kuti chinasiya liti ndipo chinali pati. Mwini wake akatopa ndi mafunso, iwo ankati, "Nyundo ikhale yomaliza."

M'khosi mwawo munali chingwe chachikopa, ndipo pachingwepo panali kiyi mmodzi wa galimoto, wowala chifukwa chopukutidwa tsiku lililonse. Kwawo, kufupi ndi Mandimba, ankayendetsa pikapu ya pamunda wa thonje. Tsiku lothawa anaitsitsira m'chigwembe, anachotsa batire, anakhoma zitseko, n'kuifunditsa nthambi. Ankati ikuwadikira, ndipo nkhondo ikatha adzapita kukaidzutsa. Akamanena zimenezi akuluakulu ankangoyang'ana pansi.

Tsiku lina akusamba anapachika chingwecho pa mpanda wa bafa, ine n'kuchitenga. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndinakakhala pa mtondo wogona, kiyi m'manja, ndikuliza injini ndi milomo. Anandipeza asanamange bwino nsalu, madzi akuchucha m'ndevu. Sanandikalipire. Anangotambasula dzanja, ine n'kuwabwezera. Kuyambira pamenepo sindinamukhudzenso kiyi uja.

Chaka chotsatira amayi anali oyembekezera. Matenda atayamba, ife ana anatithamangitsira kwa azakhali, koma tsiku lachiwiri m'mawa nditazembera kunyumba, ndinamva azamba akuuza bambo kuti zawakanika, mayiyu apite kuchipatala cha ku boma lero lomwe, apo ayi tiwataya. Galimoto m'dera lathu inali imodzi yokha, pikapu ya a Jafali a golosale. Anavomera msanga. Anaibweretsa pakhomo, anaimika tayala lakutsogolo litatsamira muzu wa mtengo, n'kuzimitsa kuti amayi akwezedwe. Pofuna kuilizanso, kiyi anakana kutembenuka. A Jafali anakakamiza ndi manja awiri, kiyi n'kuthyoka, theka n'kutsalira m'kati.

Anthu anali atadzaza kale. Wina anati tingolumikiza mawaya. Che Bwanali anafika ndi chitini chawo cha zipangizo, anagwira chiwongolero, n'kuchigwedeza uku ndi uku. Sichinasunthe. Anafotokoza kuti loko yemweyo ndi amene amamanga chiwongolero, ndiye ngakhale injini italira ndi mawaya, galimoto ingopita kumene yaloza, ndipo inali italoza nkhokwe yathu.

Bambo anathamangira m'nyumba n'kutuluka ndi nyundo. Sindinawaonepo nkhope yotero. Che Bwanali anawagwira pamkono.

"Bambo a Yusufu, mukaphonya kamodzi, chitsulo chipindikira m'kati. Chiwongolero sichimasukanso mpaka mawa."

"Ndiye tidikire mpaka afe?"

"Ndipatseni nthawi yoti mthunzi uwu ufike patayala."

Anatenga mbedza ya nsomba, anaiwongola, anadonthezera mafuta pakamwa pa loko, n'kuyamba kufufuza m'kati maso atatseka. Kachidutswa kaja kanatuluka pang'onopang'ono ngati munga wa kuphazi. Anagundanitsa zidutswa ziwirizo pachikhatho. A Jafali anafunsa ngati sangazimate ndi mtovu. Iwo anapukusa mutu, nati zithyokanso pomwepo. Anakhuthulira pansi makiyi akale onse a m'chitini n'kuyesa mmodzimmodzi. Palibe ngakhale mmodzi amene analowa, chifukwa mizere ya m'mbali inali yosiyana.

Kenako anavula chingwe cha m'khosi.

Kiyi wawo analowa mpaka kumapeto, ngati kwawo, koma sanatembenuke. Anamutulutsa, anamugoneka pambali pa wothyoka uja, n'kuyamba kupala mano ndi tupa. Atafanana pang'ono anayatsa koloboyi, anamudetsa kiyiyo ndi mwaye, anamulowetsa, anagwedeza mofatsa, n'kutulutsa. Pamene mwaye wachoka ndi pamene loko akukana, ndipo ankapala pomwepo basi, kawiri kapena katatu, n'kudetsanso. Sindinawerenge kuti anabwereza kangati. Ndimakumbukira thukuta likudontha pamphuno pawo, fumbi lachikasu la chitsulo likugwera pabondo, bambo akuzungulirazungulira nyundo idakali m'manja, ndi kumbuyo kwa pikapu kumene amayi anali atawagoneka pa matiresi, azimayi atawatchinga ndi zitenje. Ndinkangoona chidendene chawo chimodzi, chong'ambika ndi ntchito zakumunda. Chikasuntha ndinkapuma. Kumzikiti kunamveka kuitana kwa swala ya masana, ndipo Che Bwanali, amene sankaphonya swala, sanadzutse mutu.

Mthunzi unafika patayala n'kupitirira. Apo ndi pamene anauza amuna kuti akankhe galimoto pang'ono chammbuyo, tayala lichoke pamuzu, poti ndi muzuwo umene unkapanikiza chiwongolero kuti kiyi woyamba akane. Anakankha. Anagwira chiwongolero ndi dzanja lamanzere, kiyi ndi zala ziwiri zokha, n'kutembenuza. Kunamveka kuti kete, ndipo injini inalira.

A Jafali, phazi lili kale pa giya, anati awabwezera kiyi wawo akangodulitsa wina ku boma.

"Musiyeni momwemo," anatero Che Bwanali. "Yanga ija sakuidziwanso."

Amayi anabwerera patatha milungu iwiri, owonda, manja ali opanda kanthu. Kuchipatala anauza bambo kuti mwana anali atapita kale asananyamuke n'komwe, ndipo kuti mayiyo akanagona kumudzi usiku wina sakanadzuka. Madzulo a tsiku limenelo ndinamva Che Bwanali akufunsa bambo motsitsa mawu ngati anachedwa. Bambo anayankha kuti, "Amene akanachedwetsa ndine, ndi nyundo ija."

Chingwe chija anapitiriza kuchivala chopanda kanthu. Nthawi zina dzanja linkapita lokha pachifuwa, n'kubwerera. Nkhondo itatha, malole anabwera kudzatenga anthu obwerera kwawo. Iwo anaima pamsewu n'kutsanzikana ndi anzawo onse, kenako anabwerera pansi pa mtengo wa mango. Bambo atawafunsa, anayankha kuti, "Ndikatsegula chiyani kumeneko?" Anamwalira patapita zaka zochepa, ndipo tinawaika kumanda a kwathu. Posambitsa thupi, bambo anachotsa chingwecho n'kundipatsa.

Mwezi wathawu ndinapita ku Katuli kukatenga amayi kuti akawaone maso ku boma. Tikuti tinyamuke, rimoti ya galimoto yanga inasiya kugwira. Ndinadina kutali, ndinadina pafupi, zitseko zili duu, ndipo galimoto za masiku ano sizilira rimoti ikafa. Mphwanga anali atayamba kale kunena zoti zoterezi amakonza ndi kompyuta ku Blantyre, kwinaku akuimenyetsa rimotiyo pachikhatho kuti mwina idzidzimuka. Ndinamulanda. Ndinakhala pakhonde n'kudzifunsa kuti inasiya liti ndipo inali pati. Ndinakumbukira kuti dzulo lake ndinanyowa ndi mvula ili m'thumba la malaya. Ndinasolola kakiyi kachitsulo kobisika m'mbali mwake, n'kukagwiritsa ntchito kutsegula chikhokho pamsoko. Kabatire kanali katsopano, ndinali nditasintha chaka chomwechi, koma kachitsulo kamene kamakhudza kabatireko kanali katachita ndere zobiriwira ndipo kanali katagona. Ndinapempha amayi pini ya pachitenje chawo, ndinapala nderezo mofatsa, ndinapukuta ndi nsalu youma, n'kukadzutsa kachitsuloko pang'ono. Nditatseka n'kudina, magetsi anaphethira kawiri.

Amayi saona bwino, koma anamva zitseko zikutseguka. Anatambasula dzanja kuti ndiwabwezere pini yawo, ndipo zala zawo zinakhudza chingwe chachikopa chimene ndinamangira rimotiyo. Anachisisita kanthawi, chakuda ndi cholimba ndi thukuta la anthu awiri, ndipo sanafunse kuti n'cha yani.

"Tiyeni, ambuje," anatero, akulankhula ndi chingwecho. "Mundiperekezenso."