Wogwira Paipi Sacheuka

Atelala a pakhonde la sitolo ya nsalu anali munthu wamantha, ndipo sankabisa. Ankaopa agalu, ankaopa masitepe, ketulo ikalira ankadzidzimuka. Koma mantha enieni anawadziwa mwana wawo wamkazi atabadwa. Mwanayo anachedwa kulira, ndipo thupi lake silinamumverepo chibadwire. Anafika zaka makumi awiri ndi zisanu asakuyenda, asakugwira sipuni, mawu akutuluka ngati kubuula. Mutu wokha unali wakuthwa ngati lumo. Ankalamula ndi maso, n'chifukwa chake anthu ankamutcha Kapitawo. Amayi ake atamwalira, zonse zinatsalira atelala: kumusambitsa, kumunyamula, kumudyetsa pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Njinga yake ya olumala inkaima pambali pa makina osokera, ndipo makasitomala anazolowera kupereka moni kawiri.

Loweruka lililonse ankamukankha mpaka ku holo ina yakale, kumene anthu olumala kwambiri ankalimbitsa manja ndi masewera a timipira tachikopa. Mpira woyera umaikidwa pabwalo, aliyense n'kumayesa kuti kampira kake kakaime pafupi nawo. Amene sangathe kuponya amamugwirira paipi yong'ambidwa pakati, yotsetsereka, iye n'kukankha kampira kuti katsike. Kapitawo anatha miyezi isanu ndi iwiri akuphunzira chinthu chimodzi chokha, kukweza dzanja lamanzere n'kukankha kampira ndi kuseri kwa zala. Tsiku limene anakwanitsa, atelala analira mpaka anthu anawabwereka mpango.

Lamulo la masewerawa ndi louma mtima. Wogwira paipi amagwada moyang'anizana ndi wosewera, atafulatira bwalo. Sacheuka, sayankhula, salangiza. Kapitawo akayang'ana kumanzere, paipi ipite kumanzere. Akaphethira kawiri, iime pomwepo. Akochi, mayi wamfupi wosadziwa kunong'ona, ankawauza kuti, "Atelala, muno ndinu manja basi. Mutu muziusiya pakhomo pamodzi ndi ambulera."

Ndiye dzanja lamanja la atelala linayamba kunjenjemera. Ulusi unayamba kukana kulowa m'singano, iwo n'kunamizira maso, n'kugula magalasi. Magalasi sanathandize. Dokotala anawauza mosazungulira kuti matendawo sachira, amangokula, mankhwala amangowachedwetsa. Atelala sanauze munthu. Dzanja linkakhala m'thumba, ndipo poyeza kasitomala ankalankhula kwambiri kuti munthu ayang'ane pakamwa pawo, asayang'ane tepi.

Sankadziopera okha ayi. Wachibale amene anali naye anali mlongo wawo mmodzi, mayi wochapa ndi kusita zovala za anthu, wamtima wabwino, koma amene ankalankhula ndi Kapitawo ngati khanda ndipo anali asanamupatseko ngakhale madzi. Manja awa akatha, mwanayu adzadya bwanji? Ndani adzadziwa kuti akapotoza mlomo ndiye kuti msana wayamba kuwawa? Ankamuona m'maganizo ali m'kachipinda kakuseri, atayang'anitsidwa kukhoma, akuphethira kawiri popanda womuona. Akaganiza zimenezi dzanja linkanjenjemera kwambiri.

Loweruka lina kunagwa mvula ndipo msewu unali matope okhaokha, choncho mlongo wawo anabwera kudzathandiza kukankha njinga. Anakhala pabenchi, chikwama pamiyendo. Atelala anagwada, nagwira paipi. Akochi atangoikamo kampira, kanayamba kugogoda m'mbali mwa paipi, go go go, holo yonse ikumva. Atelala anatsamiritsa chigongono pabondo, analuma mano. Kapitawo anakankha. Kumbuyo kwawo kunangoti zii, ndipo anadziwa kuti kampira kasochera. Kachiwiri zinachitika chimodzimodzi.

Kachitatu Kapitawo sanakweze dzanja. Anayang'ana dzanja la bambo ake nthawi yaitali, kenaka anatembenuzira maso kubenchi, kwa azakhali ake, n'kuphethira kawiri.

"Wosewera akufuna wogwira wina," anatero akochi. "Ndi ufulu wake."

Atelala anaswa lamulo, anayankhula. "Mwanawe, ndigwira bwino. Kwangozizira lero. Taona, ndagwira."

Kapitawo sanachotse maso pabenchi. Akochi anawerama, ndipo tsiku limenelo anayesetsa kutsitsa mawu. "Anandiuza mwezi watha, pabolodi lake la zilembo limene amaloza ndi maso. Akuti sipuni imamugogoda mano. Anati ndisakuuzeni, mungachite mantha."

Miyezi yonseyi atelala ankabisira mwana, mwananso akuwabisira iwo. Podzuka anachita kugwira phewa la akochi.

"Ine?" anatero mlongo wawo. "Achimwene, ndimupweteka mwanayu. Sindidziwa kanthu ine."

"Pitani, achemwali. Wakusankhani."

Mayiyo anagwada ndi diresi yake yabwino, nagwira paipi ngati akufuna kukolopa. Nthawi yomweyo anacheuka kuti aone mpira woyera, akochi n'kumukalipira. "Kamwana kanga, tiponye eti?" anatero ndi mawu onyengerera khanda. Kapitawo anabuula mwaukali mpaka mayiyo anatseka pakamwa. Maso anapita kumanzere. Paipi inapita kumanja. Maso anapitanso kumanzere. Paipi inapitirira, inakaloza kuchitseko.

Pabenchi atelala ankawerenga chizindikiro chilichonse ngati zilembo zikuluzikulu, ndipo mawu ankawafika pammero. Bwezani pang'ono, tsitsani, simukuona? Anaona khosi la mwana wawo litauma, thukuta likutsika m'masaya, mwendo ukuyamba kukoka monga unkachitira akatopa. Akanangodzuka, zonse zikanatha m'kamphindi. Anakhalira manja awo onse awiri. Lamanja linkagundabe pansi pa ntchafu.

Zinatenga nthawi yoti munthu n'kusoka mabatani a malaya onse. Mlongo wawo anasiya kumwetulira, anasiya kuyang'ana paipi, anayamba kuyang'ana mwanayo m'maso. Anasuntha pang'ono. Anasunthanso. Kapitawo anaphethira kawiri, ndipo paipi inaima. Dzanja lamanzere linakwera mwapang'onopang'ono, likugwedezeka, linaphonya kamodzi, kenaka linakankha.

Zaka ziwiri akugwada m'holo imeneyo, atelala anali asanaonepo kampira ka mwana wawo kakuyenda pabwalo. Kanagubuduka mowongoka, kanachedwa, kanaima patali ndithu ndi mpira woyera. Sikunali kuponya kwabwino, ndipo palibe anaomba m'manja.

Kapitawo sanayang'ane kubenchi. Anayang'ana azakhali ake, kenaka kapu yamadzi imene inkalendewera pambali pa njinga, kenaka azakhali akenso.

"Akufuna madzi eti, achimwene?"

Madzi ndiwo ankamutsamwitsa kuposa china chilichonse. Kapu imafuna kupendeketsa pang'ono kwambiri, chibwano chili pansi, ndipo umadikira ameze usanawonjezere. Zonsezi zinali pamlomo pa atelala.

"Musafunse ine, achemwali," anatero. "Funsani mwiniwake."

Mayiyo anafunsa. Kapitawo anatsitsa yekha chibwano, n'kuyang'ana kapu. Atelala anatsinzina. Anamva mwana wawo akumeza, kamodzi, kenaka kawiri, m'manja mwa munthu wina.