Seva Yozima Masana

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndinabwerera kwathu ku Chongwe kuchokera ku Lusaka, kumene ndinaphunzirako za makompyuta. Ndinabwera ndi pepala la sukulu ndi matama odzaza thumba, koma ntchito ndinalibe. Bambo anali atamwalira, alongo anga atakwatiwa kutali, pakhomo patatsala Amama okha ndi mbuzi zawo. Iwo ankafuna ndikhale. Ine ndinkadziwa kuti ndikapanda kupeza chochita pafupi, ndikwera minibasi kubwerera m'tauni.

Mwayi unatulukira ku mishoni. Akhristu anzathu akunja anatumiza kompyuta yaikulu, yotchedwa seva, yoti izitumikira ofesi ya parishi ndi kachipatala. Vuto linali lakuti pulogalamu yakale imene masisitere anazolowera inkakana kugwira pa makina atsopanowo. Njira inalipo, yachilendo kwambiri masiku amenewo: kumanga kompyuta ina yongoyerekezera m'kati mwa seva, kuti pulogalamu yakaleyo izikhala m'menemo n'kumayesa kuti ili kwawo. Nditafotokoza, ba Fada, wansembe wamkulu wa pamishoni, anangogwedeza mutu. Anati ndikaidzutsa, ntchito ya muofesimo ndi yanga, koma ikandikanika pofika Lamulungu aitana munthu wa ku Lusaka.

Ndinawauza kuti imeneyo ndi ntchito ya m'mawa umodzi. Pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu, mpaka lero.

Kulowetsa zinthuzo kunkatenga nthawi. Ndinkaika sidi, kachimbale ka pulogalamu, m'mawa, kuyankha mafunso a pasikirini, kenako kamzere kosonyeza pamene ntchito yafika kankayamba kukwawa ngati nanzikambe. Belu la masana likalira, ndinkapalasa njinga kukadya zimene Amama anandisiyira kunyumba, chifukwa iwo nthawi imeneyo ankakhala ali ku mishoni. Anali m'gulu la amayi osesa m'tchalitchi ndi m'maofesi, ndipo sabata imeneyo anachita kupempha anzawo kuti ofesi ya mwana wawo azisesa okha. Ndikabwerera ndinkapeza pansi pali mbee, sikirini ili bii, seva itazima.

Ndinayamba kuloza zala. Poyamba ndinanamizira magetsi, koma sisitere wa kuchipatala anati firiji yake ya mankhwala sinazimepo. Ndinanamizira sidi, n'kuipukuta ndi malaya mpaka kunyezimira. Ndinatsegula bokosi, kuzula kachipangizo ka memori n'kubwezeretsa, kusintha mawaya, kuchepetsa malo amene ndinagawira kompyuta ya m'katiyo, mawa lake kuwonjezeranso. Ayi ndithu, chimodzimodzi. Ndinafika ponyoza amene anatumiza chinthucho, kuti anatitayira chakufa. Kunyumba Amama ataona nkhope yanga anawonjezera korona wina madzulo. Kenako ndinapeza atachapa chikwama changa chapaulendo n'kuchiyanika kuseri kwa khola kuti ndisachione. Zimenezo zinandipweteka kuposa seva.

Loweruka zinthu zinafika pa mwana wakana phala. Ndinalumbira kuti sindidya, sindichoka, ndiona ndi maso anga chimene chikupha makinawa. Kunali kutentha kwa Okutobala, malata akuchita kulira. Belu litalira, Amama analowa ndi tsache ndi beseni la madzi owaza pansi. Anadabwa kundipeza, nayamba kundikalipira kuti chakudya chizizira. Ali m'kati mokalipa, anatulutsa m'thumba chitenje chawo chatsopano cha amayi a mpingo, chimene ankavala pa zikondwerero zokha. Anachipinda pawiri, n'kufunditsa seva yonse, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kupisira m'mbali bwinobwino ngati akufunditsa khanda. Pamwamba anasanjikapo thaulo. Fani ya m'kati inayamba kulira mobanika.

Kwathu munthu sasesa chinthu chaulemu chili pamtetete. Wailesi timavundikira, mtsuko wa madzi timavundikira, nanga chinthu chodula chochokera kutsidya kwa nyanja? Tsiku lililonse Amama ankafunditsa seva, kusesa, kupita kukathandiza anzawo m'tchalitchi podikira kuti fumbi likhazikike, kenako kudzavundukula ine ndisanafike. Makinawo ankabanika, akatentha n'kudzizimitsa okha.

Ndinachotsa chitenjecho msanga. Mawu aukali anali atafika kale pakhosi, koma nditawayang'ana kumaso ndinawameza. Ndinawagwira dzanja n'kuliika kumbuyo kwa bokosi, pamene pankatuluka mpweya wotentha, ndi kuwauza kuti chinthuchi chimapumira pamenepo, ndipo chikabanika chimazima.

Anakhala pansi, pa simenti penipeni.

"Kansi nine nenze kukuthamangitsa, mwana wanga?"

Ndinayesa kuseka. Ndinati fumbi nalonso limapha makina, choncho sanalakwe kwenikweni. Sanandimve n'komwe. Anatuluka, ndipo ndinayesa kuti apita kukalira kuseri kwa tchalitchi. Posakhalitsa anabwera ndi lichero lobwereka kukhitchini ya masisitere, anakhala kumbuyo kwa seva, nayamba kuikupiza.

Ndinawauza kuti fani yokha ikukwanira. Anandiponyera diso, ine n'kutseka pakamwa. Kamzere kanafika pamene kankafera masiku onse, kanapitirira. Dzanja likatopa Amama ankasinthira linalo, thukuta likutsika m'khosi, koma lichero anakana kundipatsa. Ndinawakonda mayi amenewo masana amenewo moti pasikirini sindinkaonapo bwino. Dzuwa litapendeka, kompyuta ya m'kati inadzuka, pulogalamu yakale ya masisitere n'kutseguka.

"Amama, yasila," ndinatero, poona kuti ntchito yatha. "Siniyenda ku Lusaka."

Anapitiriza kukupiza, maso ali pa bokosi.

"Pita ukauze ba Fada. Ine nikhalako pano, ingazime ukalibe kubwela."